Kambale ka pa Njinga ya Ba Bwanali

Ana anga, ena a inu mumandiseka kuti ine, munthu amene ndadya za njinga moyo wanga wonse, ndili ndi njinga ya batire m'nyumba imene sindiikhudza ndi sipanala. Sekani, mano ndi anu. Koma popeza manja ayamba kunjenjemera ndipo shedi ndinatseka, ndati ndilembe nkhani yake, kuti tsiku limene mudzagawane katundu wanga mudzadziwe chimene mukugawana. Za ubwana wanga ku Katete ndizisiya, munazimva mpaka kutopa nazo.

M'ma 1980: ku depoti

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kuno ku Lusaka, ku mafakitale, pa depoti ya kampani ina ya boma imene inkaitanitsa katundu kunja. Njinga zinkabwera m'mabokosi a matabwa zili zidutswazidutswa, felemu payokha, mawilo paokha, masipoko m'mitolo, ndipo ntchito yathu inali kuzilumikiza. Kapitawo wathu anali ba Simukonda, munthu wamfupi wa ku Isoka amene sankadziwa kuyamikira. Ukagwira bwino ntchito ankangokhosomola n'kupita. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo analiphunzira mowawa. Chaka china njinga zinabwera zouma, mopanda girisi m'mahabu, pakati pa mawilo paja, ndi pa ekiselo ya mapedulo, anthu n'kumazibweza patatha mwezi zikulira ngati makoswe. Kuyambira pamenepo sankalola njinga kutuluka pageti isanamasulidwe yonse, ngakhale zigawo zimene zinabwera zomangamanga kale. Tsiku langa loyamba anandigwira khutu, ine munthu wa ndevu kale, n'kunena kuti, "Iwe Sakala, njinga yanyowani osaikhulupirira. Masula vonse, paka girisi, ndiye upase munthu."

Girisi weniweniyo ndiye ankasowa. Masiku amenewo chilichonse chinali cha pamzere, sopo, shuga, mafuta ophikira, ndipo amayi anu ankatha tsiku lathunthu pa shopu n'kubwera ndi kandulo m'malo mwa mchere. Girisi akatha, ba Simukonda ankatituma ku butchala kukapempha mafuta a ng'ombe. Tinkawasungunula m'chitini, kusakaniza ndi oilo wakuda wa malole, n'kupaka. Njinga zathu zinkanunkhira kanyenya, agalu a ku komboni ya George ankazilondola mpaka kunyumba, koma palibe imene inalira. Ndinagwira pamenepo zaka khumi ndi chimodzi, ndipo lamulo lija linandilowa m'magazi.

M'ma 1990: shedi ya ku Matero

Boma litasintha kunabwera mawu atsopano pa wailesi, akuti malonda amasulidwa, aliyense agulitse chimene akufuna. Tisanamvetse kuti ife zikutikhudza pati, kampani inagulitsidwa, tinaitanidwa mmodzimmodzi mu ofesi kukalandira kalata. Ba Simukonda anandisiyira masipanala awo atatu n'kubwerera kwawo, ndipo tsiku lomwelo ndi pamene ndinawamva koyamba akunena kuti ndili ndi manja abwino. Ndinalira panjira, sindibisa. Ndinaimika malata anayi pafupi ndi msika ku Matero, kumanga chingwe kudenga chopachikira njinga, n'kuyamba. Mashopu anadzaza ndi njinga zonyezimira zotchipa, ndipo ukazimasula unkapeza m'kati mouma gwa. Ha, ndinkasangalala ine! Anthu anaphunzira kuti ukagula njinga m'tauni usaikwere, uikankhe mpaka kwa Sakala. Ananditcha Dokota, ndipo ndinkadzitama pamsika ponse kuti njinga yochoka m'manja mwanga sinabwererepo ndi dandaulo.

M'zaka zimenezo ndi pamene ndinadziwana ndi ba Bwanali. Anali telala, Msilamu, wobadwira ku Matero komweko, koma atate awo anachokera ku Mangochi. Salaula, zovala zovalidwa kale zochokera kunja, atasefukira m'misika, matelala ambiri anaphimba makina, chifukwa ndani akanasoketsa malaya pamene jekete la ku Ulaya likugulitsidwa pamulu? Ba Bwanali anapeza pothawira: mayunifomu a sukulu, amene salaula alibe. Ankasoka, kumanga mtolo pa keliyala ya njinga yawo yakuda, n'kupita nawo okha ku George, ku Marapodi, kulikonse kumene kunali ana. Njinga imeneyo ndiyo inaphunzitsa ana awo awiri, ndipo inkadutsa m'manja mwanga mwezi ndi mwezi. Madzulo akachoka ku mzikiti ankakhala pa benchi yanga, tikukangana za mpira ndi za chipembedzo. Iwo sankamwa mowa, ine sindinkasiya, koma tiyi tinkamwera limodzi. Ankandinena kuti ndikanakhala mzamba, mwana aliyense wobadwa ndikanamumasula kaye ndisanamupereke kwa amake.

Zaka za posachedwa: katoni ya ku Dar

Zaka zinapita, tonse tinachita imvi. Akazi awo atamwalira, ba Bwanali anatsala okha m'nyumba, maondo akulira, magazi akuthamanga. Mwana wawo wamkazi Asiyatu, amene ndi nesi, anawamangira chipinda kwake ku Chainda n'kumawauza kuti asiye makina ndi njinga apite akapume. Iwo ankakana. Ankati ku Chainda akakakhala ngati mpando, woupukuta fumbi m'mawa n'kuusiya pomwepo. Mlongo wake wa Asiyatu, Yusufu, woyendetsa malole opita ku doko la Dar, ndiye anabwera ndi nzeru ina. Anawagulira njinga ya batire, ndipo atatuwo anapangana: mwezi umodzi woyesa. Njingayo ikawapepukitsa, atsala ku Matero ndi makina awo. Ikalephera, akwera galimoto ya ku Chainda osawiringula. Ba Bwanali anavomera, ndipo iwo akavomera chinthu sankabwerera m'mbuyo.

Katoniyo anabwera nayo kwa ine pa wilibala, yosatsegula, monga ankachitira ndi chilichonse cha njinga kwa zaka zonsezo. Batire yokha ndi imene anaisiya kunyumba pa chaja, chifukwa malaiti, magetsi aja, anali atangobwera m'mawa umenewo atathima usiku wonse, ndipo masiku amenewo malaiti akabwera sunkachedwa. Nditatsegula, abale, ndinaiwala tiyi. Njinga inali njinga ndithu, tcheni, mapedulo, mabuleki, koma habu ya kumbuyo inali yaikulu ngati mbale yodyera, waya akutulukira pakati pa ekiselo. Pa felemu panali malo olowetsa batire, okhoma ndi kiyi. Pa handulo panali kagalasi ndi mabatani atatu, ndipo timawaya tinachokera ngakhale ku zogwirira za mabuleki. Ndinafunafuna pokoka moto ngati pa njinga yamoto, osapapeza. Ndinadzifunsa kuti nanga chinthuchi chimadziwa bwanji kuti munthu akufuna kupita? Munali kabuku ka zilembo zing'onozing'ono m'katonimo. Ndinakaika pansi pa kapu kuti benchi isanyowe.

Ndiye ndinachita zimene ndinkachita masiku onse. Habu ya kumbuyo ndinaiopa, ndinaisiya. Ya kutsogolo ndinamasula, kupaka girisi. Kenaka ndinachotsa mkono wa pedulo kuti ndifike pa ekiselo yake, ndipo kuseri kwake ndinapeza kambale kakuda ka pulasitiki, kokhala ndi timadontho kuzungulira, kali pafupi ndi kachitsulo kakang'ono ka waya. Ndinati aka n'kotchinga fumbi, ndinakavula n'kukaponya pa benchi. Ekiseloyo ndinaipeza ndi yotseka kufakitale, yosafuna girisi wa munthu, moti ndinavutika chabe. Ndinabwezera zonse, kambale kaja ndinakalowetsa mmene kanagwera m'dzanja, n'kumanga. Ndinaikwera kuzungulira msika popanda batire. Inali yolemera ngati yasenza thumba la makala, koma yosalira paliponse. Ndinawauza ba Bwanali kuti yachoka m'manja mwa Dokota, akaike batire yawo azipita.

Iwo anali asanakwerepo njinga yotere, ine chimodzimodzi, choncho palibe amene ankadziwa kuti thandizo lake limamveka bwanji. Sabata yoyamba ndinawafunsa ngati ikuwathandiza. Anati kagalasi kakuyaka bwinobwino, akadina batani manambala akukwera mpaka pa faifi, ndiye kuti ikuthandiza, kungoti iwo ndi amene sakumva. Sabata yachiwiri anafika pa benchi akupuma ngati athamangitsidwa, ndipo tiyi anamwa osatsutsa chilichonse chimene ndinanena za mpira. Anandiuza kuti tsiku lina ali pageti, akukonza pedulo ndi phazi, njingayo inadumpha yokha ngati mbuzi, pang'ono kuwagwetsa. Tinaseka, ine n'kunena kuti ya ku Dar ili ndi ziwanda. Sindinafunse kuti pedulo ankaikonza chopita kuti. Amati safunsa anadya phula, koma apa wosafunsa ndinali ine, phula anadya ndi mnzanga.

Sabata yachitatu, mu Ogasiti, mphepo ya fumbi ili pachimake, anapita ku Marapodi ndi mtolo wa mayunifomu. Pa kamtunda kena anaona chizungulire, anatsika n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu. Amayi ogulitsa makala ndi amene anawapatsa madzi n'kuimbira foni Asiyatu.

Mwezi womwewo: chingwe cha kudenga

Patapita masiku awiri Asiyatu anabwera ndi njingayo pa kagalimoto, batire ndi kiyi zili pomwepo. Anandipempha kuti ndiisunge ndi kuifunira wogula, chifukwa atate ake avomera kuti kumapeto kwa mwezi apita ku Chainda. Sanali wokondwa ayi, maso anali ofiira. Anati atate ake anamuuza okha kuti ngati ngakhale njinga ya moto wake yawalephera, ndiye kuti miyendo yatha.

Atapita ndinakhala ndikuiyang'ana. Chisoni chinalipo, koma ndinene zoona, chidwi ndi chimene chinandiimiritsa. Ndinaipachika pa chingwe, kudina batani, kagalasi n'kuyaka. Ndinazunguza pedulo ndi dzanja chopita kutsogolo: zii, wilo likungoyenda ndi mphamvu yanga. Ndinakweza manambala mpaka pa faifi, chimodzimodzi. Ndinati kaya, mwina mota inafera m'njira. Poti tcheni inali itadya fumbi la ku Marapodi, ndinatenga kabotolo ka oilo, ndipo monga amachitira wokonza njinga aliyense pothira oilo, ndinazunguza pedulo chobwerera m'mbuyo. Mayo ine! Wilo linalira vuu, njinga n'kugwedezeka pa chingwe, kabotolo kugwa uko. Nditasiya pedulo, patapita kamphindi inaleka. Ndinabwereza: kutsogolo zii, kumbuyo vuu. Ndinagwira buleki ikulira, inadula pomwepo.

Ndinakhala pansi kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati imamva pedulo ikazungulira, ndiye kuti khutu lake lili pa pedulo pomwepo, ndipo pamenepo panali chinthu chimodzi chokha chachilendo. Ndinachotsa mkono wa pedulo, kuvula kambale kaja. Nditayandikiza kampira kachitsulo ka m'habu pa timadontho tija, kanadumpha n'kumatirira. Anali maginito. Nditakapukuta ndinaona kamuvi kosindikizidwa pa pulasitiki, kosonyeza kumene kambale kayenera kuzungulirira, ndipo ine ndinali nditakaika chotembenuza. Ndinafukula kabuku kaja pansi pa zitini, kali ndi chizindikiro cha kapu pachikuto, ndinavala magalasi. Zonse zinali mmenemo, ndi chithunzi chomwe. Ukapalasa, maginito amadutsa pa kachitsulo kaja mmodzimmodzi, iko n'kuuza kabokosi ka pansi pa batire kuti mwini wake akupalasa, kabokosiko n'kutsegulira mota mphamvu molingana ndi nambala imene wasankha. Ukasiya kupalasa kapena kugwira buleki, imasiya. Pa njinga iyi kachitsuloko kankadziwanso kutsogolo ndi kumbuyo, kuti isakuthawe ukabweza pedulo. Ine ndinali nditaiphunzitsa chobwerera. Masabata atatu mnzanga wa magazi othamanga ankakoka chitsulo chonsecho ndi maondo ake, mota ili m'tulo.

Ndinatembenuza kambale, kumanga, kuitsitsa pa chingwe. Ana anga, ndakwera njinga kuyambira ndili ndi kabudula, koma ichi sindinachimvepo. Ndinaponda pedulo, kuzungulira koyamba kunali kwanga ndekha, kolemera. Ndisanamalize kwachiwiri ndinamva ngati munthu wagwira chishalo kumbuyo n'kumakankha, mmene tinkakukankhirani inu pophunzira. Sinanditenge ngati njinga yamoto ayi, miyendo inkagwirabe ntchito, koma ntchito ya munthu wa zaka makumi awiri. Ndinalunjika mphepo ija ya Ogasiti, sindinaimve. Nditathamanga kwambiri ndinamva kuti yandisiya ndekha, ndiye kuti ili ndi liwiro limene imalekezera. Nditasiya kupalasa, nayonso inangokhala chete kundidikira. Ndinafika mpaka ku George ndikuseka ndekha ngati wamisala, ndipo pobwerera ndi pamene chimwemwe chinatha, nditakumbukira kuti tsopano ndiyenera kukamba.

Kumapeto kwa mwezi

Ndinayamba ndi Asiyatu, poti ndiye anandisiyira njingayo. Ndinamuitana, kumuonetsa kambale, kumufotokozera zonse osadzikometsera. Ndinkayembekeza kuti anditukwana. Koma anangoti, "Ba Ankolo, ni nkhani ya ine na imwe chabe. Musabauze batata. Lekani vikhale mwamene vilili." Anandiuza kuti ku chipatala amaona okalamba amene maminibasi awagunda, kuti magazi a atate ake sadzatsika chifukwa cha batire, kuti njinga yothamanga ndiye yoopsa kuposa yolemera. Anati anataya kale amayi ake, sakufuna kukatola atate ake mumsewu. Palibe bodza limene ananena mwanayo. Ndipo mumtima mwanga munali wina amene ankavomereza msanga, osati chifukwa cha maminibasi, koma chifukwa cha dzina la Dokota. Ndikangokhala chete, palibe pamsika amene akanadziwa kuti njinga yochoka m'manja mwanga inatsala pang'ono kupha munthu. Ndinamuuza kuti ndiganiza.

Ndinaganiza masiku anayi. Amayi anu nditawafunsa anangoti ndikawaone kaye ba Bwanali ndisanagamule za moyo wawo ndili pa shedi. Ndinapita Loweruka masana. Ndinawapeza atakhala pakhonde, makina osokera ataphimbidwa ndi nsalu, makatoni awiri omanga ali pakhomo. Munthu amene ankanditsutsa pa chilichonse anandilandira ngati mlendo wolemekezeka, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa chipongwe. Anati mayunifomu otsala awapereka kwa telala wina. Kenaka anamenya bondo lawo ndi chikhatho n'kunena kuti, "Ba Sakala, njinga ilibe mulandu. Imwe munaikonza, Yusufu anagula yabwino. Ni ine nasila."

Pamenepo ndi pamene ndinagamula. Kupita ku Chainda kapena kusapita inali nkhani ya iwo ndi ana awo. Koma kuti munthu apite akukhulupirira kuti watha, chifukwa cha kambale kamene ine ndinatembenuza, zimenezo sindikanatha kuzisenza. Ndinawauza kuti sanathe, wolakwa ndine. Ndinafotokoza za maginito, za kamuvi, za kabuku kamene ndinaikapo kapu. Ndinawauzanso kuti Asiyatu akudziwa ndipo ali ndi mantha, ndipo mantha akewo ndi oona. Anafunsa ngati ndikutanthauza kuti masabata atatu onse aja ankapalasa okha. Ndinati inde. Anafunsa ngati pa kamtunda ka ku Marapodi analinso okha, ndi mtolo, ndi mphepo. Ndinati inde. Ndinaona nkhope ikusintha, osati ndi mkwiyo, koma ndi kunyada. Anati ndiye kuti akadali mwamuna, chifukwa chitsulo chimene chija ngakhale Yusufu sakanafika nacho pamene iwo anafika. Atatero ndi pamene anakumbukira kukwiya, ndipo ananditcha mzamba wopha ana, mawu amene sanawasiye mpaka imfa.

Tinapita ku shedi limodzi. Ndinawaikira pa nambala wani, ndinawachenjeza kuti thandizo limabwera mochedwerako pang'ono, asadzidzimuke, ndipo pokhota kapena pa anthu ambiri asiye kupalasa, chala chikhale pa buleki. Anakwera mwa chikale, phazi limodzi pa pedulo, kukankha kawiri, kuponya mwendo. Ndinaona msana wawo ukuwongoka pamene mota inagwira. Anazungulira msika katatu, mkanjo ukuuluka, amayi a tomato akuimba nthungululu. Atatsika sanandithokoze. Anangoti mwezi woyesa uyambirenso, chifukwa woyamba unabedwa.

Asiyatu anabwera mawa lake. Sanakweze mawu. Anati, "Ba Ankolo, ninakupemphani. Chikachitika chinthu mumsewu, muzayankha ni imwe." Kuyambira tsiku limenelo akandiona ankayang'ana kumbali, mwana amene ndinamunyamulapo pa keliyala. Pamsika nkhani inafalikira, poti ba Bwanali ankaifotokoza kwa aliyense, ndipo dzina la Dokota linasanduka Kambale. Ena mpaka lero amandiitana choncho.

Zaka zitatu zotsatira

Mwezi woyesa unatha, makatoni anamasulidwa, makina anavundukulidwa. Njingayo tinaiphunzira limodzi ngati ana a sukulu. Tinapeza kuti pa faifi batire imatha msanga, pa thuu imakufikitsa ku Marapodi ndi kubwerera n'kutsalako. Mtolo ukalemera, mphepo ikakhala ya kumaso, kapena matayala akachepa mpweya, imadya kwambiri. Kudzaza kunkatenga maola angapo, choncho malaiti akavuta ba Bwanali ankakhala pansi kusoka, ulendo mawa. Tsiku lina inawathera ku George, anabwera akupalasa chitsulo chonse, akunditukwana ine ngati ndine ndinathimitsa malaiti. Nthawi ya mvula sankailowetsa m'zithaphwi zozama, ankatsika n'kuzungulira. Mabuleki ankatha msanga kuposa pa njinga yakuda ija, ndipo amenewo okha ndi matayala ndi zimene ankandilola kugwira, iwo ataimirira pambali ngati wapolisi. Ndinamva kuti ziliponso zina zodula zimene sizimva kuzungulira kokha koma kulemera kwa phazi, ukaponda kwambiri nazonso zikankha kwambiri. Ndinalakalaka kuiona m'kati imodzi yotere, koma palibe anandibweretsera, ndipo mwina anachita bwino.

Musaganize kuti ndinkagona mtendere. Tsiku lililonse akapita, khutu langa linkakhala kumsewu, ndipo ndikamva kuti minibasi yagunda munthu, ndinkasiya ntchito n'kuima panja mpaka ndione mkanjo uja ukutulukira pa kona. Sindinganene kuti ndinachita bwino ndipo Asiyatu analakwa. Zikanatha kutha mwanjira ina, ndipo bwenzi ndikulemba nkhani ina. Chimene ndikudziwa n'chakuti anasoka ndi kupalasa zaka zina zitatu, ndipo anamwalira pa bedi lawo ku Matero, atadwala masiku ochepa, Asiyatu ali pambali pawo.

Ku maliro Asiyatu sanandilankhule. Patapita masiku makumi anayi, sadaka itatha, ndinali pa shedi ndikumata chubu pamene ndinaona munthu akukankha njinga kuchokera ku msika. Anali iye. Anaiimika patsogolo panga, anatulutsa kiyi ndi chaja m'chikwama n'kuika pa benchi, pamalo pamene atate ake ankakhala. Ndinafunsa ngati akufuna ndiifunire wogula. Anapukusa mutu, sindinadziwe ngati akufuna kulira kapena kuseka.

"Batata banakamba ati ni yanu, ba Ankolo. Ati maondo yanu nayo yasila, munabisa chabe." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Koma ati nikuuzeni, musaimasule."